Kodi Nyimbo Yosungidwa Mosataya Kanthu Ndiyo Yeniyeni?

Chimbale cha Bee Thousand, chomwe gulu la indie rock la Guided by Voices la ku Dayton, Ohio, lidatulutsa mu 1994, chidajambulidwa kwambiri m'nyumba za oimbawo. Robert Pollard, yemwe adali mphunzitsi wa pulayimale, ndi anzake adagwiritsa ntchito timakina ta kaseti. Pansi pa nyimbo pamamveka tepi ikuti siii, ndipo m'nyimbo yoyamba, Hardcore UFO's, kulira kwa gitala kumazima mwadzidzidzi kenako n'kubwereranso. Kumvera chimbale chotere m'fayilo ya lossless, yosungidwa mosataya kanthu, kumadzutsa funso lakale la anzeru: kodi chinthu chokopedwa chimakhulupirika kwa chiyani?

CD, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1982, imayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse. MP3, yomwe akatswiri a ku Fraunhofer ku Germany adathandiza kupanga, imachepetsa fayilo potaya mawu amene khutu silingawagwire, monga kaphokoso kofooka kophimbidwa ndi kugunda kwa ng'oma. Pa 128 kbps imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 11 a CD. FLAC, yomwe idatuluka mu 2001, imapanikiza fayilo osachotsamo kalikonse. Ikatsegulidwa, manambala onse amabwerera mwakale.

Komabe FLAC sibweza chimene chidachitika m'chipinda cha ku Dayton. Maikolofoni adatola zina n'kusiya zina, tepi idawonjezera zake, wosakaniza mawu adakweza izi n'kutsitsa izo. Wanzeru wakale Plato ankakayikira zaluso chifukwa ankaziona ngati chifanizo cha chifanizo, ndipo akadaona nyimbo zojambulidwa akadanena chimodzimodzi. Koma pa chimbale ichi mlanduwo sugwira, pakuti palibe nyimbo ina yoyera imene idabisala kuseri kwa phokoso. Pollard ndi anzake adamva kuzima kwa gitala kuja, nakusiya momwemo. Chimene adatulutsacho, ndi zipsera zake zonse, ndicho ntchito yeniyeniyo, osati chithunzithunzi cha ina.

Apa m'pamene pagona nkhani. MP3 imagamuliratu m'malo mwa womvera kuti chofunika n'chiti, potengera khutu la munthu wamba. Nthawi zambiri imalondola, ndipo anthu ambiri sasiyanitsa MP3 yabwino ndi CD akamvera osauzidwa kuti iyi ndi iti. Khutu nalonso limafooka ndi ukalamba, kuyambira pa mawu okwera kwambiri. Koma kusamva chinthu sikutanthauza kuti chinthucho n'chachabe. Mlembi wokhulupirika wokopera buku lopatulika sadumpha chiganizo chimene sadachimvetse. Amachisiyira obwera m'mbuyo, mwina iwo adzachimvetsa.

Choncho lossless sipereka choonadi chonse cha tsiku lojambulalo, ndipo siithandiza munthu amene akumvera mtima uli kwina. Ubwino wake ndi wakuti ufulu wosankha chotaya umatsala ndi woimba ndi womvera, osati ndi makina apakati. Pa chimbale ngati Bee Thousand, chimene phokoso lake lidasiyidwa dala, kusunga zonse ndiko kulemekeza amene adachipanga.