Mawu a nkhondo amene timafuula m'Chizungu



Sabata ino a Bishop andituma kuti tione mawu anayi a Chizungu amene timafuula kwambiri popemphera: overcome, conquer, possess na occupy. Womasulira akamathamanga pa guwa, onsewa amangowatcha kugonjetsa kapena kulanda. Koma si amodzi, ndipo munthu wowasokoneza angakagone ku polisi akuganiza kuti ali m'chifuniro cha Mulungu.

Overcome ndi liwu la munthu amene vuto lamupeza koma silinamumize. Ife a ku Kanyama tikulidziwa bwino. Mvula ikalimba, madzi amalowa m'nyumba chifukwa dera lathu ndi lathyathyathya ndipo pansi pali mwala. Kumbukirani January 2018, kolera itavuta, asilikali ali m'misewu, misika yotsekedwa. Mayi amene ankawiritsa madzi tsiku na tsiku, malasha ali odula, n'kupulumutsa ana ake, ameneyo anachita overcome. Pa Yohane 16:33 Yesu amayamba watichenjeza kuti masautso tidzakumana nawo, kenako ndiye amatilimbitsa mtima kuti Iye anapambana kale. Sanalonjeze kuti madzi sadzalowa.

Manje conquer. Ili ndi liwu la mikondo na mfuti: kugonjetsa anthu n'kuyamba kulamulira dziko lawo. Amene kwanu ndi ku Chipata funsani agogo. Angoni ataoloka Zambezi mu 1835 anagonjetsa mitundu yambiri, koma mu 1898 asilikali a Britain anawagonjetsa nawonso, n'kupha Nsingo mwana wa Mpezeni, n'kutenga ng'ombe zambirimbiri. M'liwu limeneli muli akazi amasiye. Paulo analigwiritsa ntchito pa Aroma 8:37, inde, koma bwererani pa vesi 35 muone adani ake: njala, usiwa, mazunzo, lupanga. Neba wanu palibepo. M'Chigiriki, liwu la Paulo apa na la Yesu pa Yohane 16 muzu wake ndi umodzi, nikao. Chizungu ndicho chinawapatula.

Pa possess mpamene ndikufuna tichedwepo. Timakonda buku la Yoswa, ndipo nkoyenera. Koma possess ndi kulowa n'kukhala m'cholowa chimene wapatsidwa, osati chilichonse chimene diso lasirira. Aisraeli anagawana dziko mwa maere, fuko lililonse na malire ake, ndipo Deuteronomo 27:17 imatemberera wosuntha malire a mnzake. Tsegulani 1 Mafumu 21 m'Baibulo la King James: liwu lomweli likupezeka pamene Ahabu akupita kukatenga munda wa mpesa wa Naboti, mwini wake ataphedwa na miyala. Eliya anamupeza momwemo, ndipo sanamubweretsere dalitso. Ndiye m'bale, ukasuntha beacon usiku, kapena kuthira mafuta odzozera pa plot ya mayi wamasiye uku walipira anyamata kuti akamuopseze, usamatchule Yoswa. Wavala nsapato za Ahabu. Ndalankhula molimba chifukwa milandu yotere imafika ku ofesi ya mpingo, onse awiri ali na Baibulo m'manja.

Occupy lili na chinsinsi. Pa Luka 19:13, King James ya mu 1611 inaika liwuli pamene mbuye akupereka ndalama kwa antchito ake khumi. M'Chizungu cha nthawi imeneyo linkatanthauza kuchita malonda. Mlongo amene amadzuka 04:00 kukaoda tomato ku Soweto Market, m'bale wa kantemba amene amalemba ngongole zake m'kabuku, iwowo ndiwo akumvera vesili. Lerolino liwuli limatanthauza kukhala pamalo, nchifukwa chake pepala limene Lusaka City Council imapereka m'makomboni ngati athu amalitcha occupancy licence, la zaka 30. Kusala kudya kwa masiku 21 sikulemba dzina lanu pa pepalali. Pempherani, kenako valani nsapato mupite.

Sabata ino werengani Numeri 13 na 14, Yoswa 14 na 1 Mafumu 21. Amene muli na Baibulo la Chizungu dulani mzere pansi pa mawuwa paliponse mwawapeza, muyerekeze na la Chinyanja.

Amayi amene mapepala a nyumba akadali m'dzina la malemu amuna anu, mubwere nawo pa Sande. Tikaweruka ndidzakhala kumbuyo pafupi na khomo, tiwaonere pamodzi.