Kodi Ndani Amafika Pamwamba pa Sapitwa?

SAPITWA ndiyo nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje, kummwera kwa Malaŵi, ndipo njotalika mamita 3,002. Dzina lakelo limatanthauza malo osapitako munthu. Kuyambira kalekale anthu okhala m'tsinde mwa phirilo asimba kuti kumeneko nkwa mizimu ndi kuti ena okwerako samabwerera.

Talingalirani za munthu wokulira ku Gadzema, dera la migodi ya golidi pafupi ndi Chegutu m'Zimbabwe, amene makolo ake anachokera ku Malaŵi kudzafuna ntchito. Kwawoko kulibe mapiri aatali, ndipo za Mulanje anangozimva kwa agogo ake. Tsopano waima pakanyumba kogonamo okwera phiri ka Chisepo mbandakucha, akumayang'ana miyala yaikulu yosanjikizana kufikira m'mitambo. Maondo ake akunjenjemera. Kodi mantha akewo ali umboni wakuti sadzafika?

Osati kwenikweni. Njira yakeyo njovutadi. Pena munthu amakwaŵa kunsi kwa matanthwe, pena amakwera mwala woterera ndi manja ndi miyendo yomwe, ndipo nkhungu ya chiperoni ingakute zonse m'kanthaŵi kochepa. Komabe chaka ndi chaka anthu wamba amafika pamwamba, ambiri a iwo atayamba ulendowo ndi mtima wokayika. Ndiponso nyonga ndi kuzoloŵera maulendo sizimatetezera munthu nthaŵi zonse. Mu July 2009, Gabriel Buchmann wa ku Brazil, amene anali atayenda m'maiko ambiri, anapitiriza yekha kumka ku Sapitwa atasiya womtsogolera. Mtembo wake unapezedwa mu August, atafa ndi chisanu.

Phiri Limodzi, Zolakwa Ziŵiri

Baibulo limasimba za mtundu umene unalakwa m'njira ziŵiri pamaso pa dziko lamapiri. Pamene azondi 12 anabwerako ku Kanani, khumi a iwo sananame ponena za malinga a midzi kapena msinkhu wa Aanaki. Cholakwa chawo chinali m'kupima. Iwo anadziyerekezera ndi zimphonazo nadziona kukhala ngati ziwala, osaŵerengera konse Uyo amene anawaolotsa pa Nyanja Yofiira. Khamu lonse linalira usiku umenewo nililingalira zobwerera ku Igupto.—Numeri 13:28-33, 14:1-4.

Zimene zinatsatira sizimakumbukiridwa kaŵirikaŵiri, ngakhale kuti nzophunzitsa koposa. Atamva chiweruzo cha zaka 40 m'chipululu, anthu omwewo analaŵira m'mamaŵa kukwera phirilo. Mose anawachenjeza kuti Yehova sanali pakati pawo. Likasa la chipangano linatsala m'chigono, Mose nayenso anatsala, koma iwo anakwerabe, ndipo Aamaleki ndi Akanani anawakantha kufikira ku Horima. (Numeri 14:39-45) Dzulo lake anali amantha, lero odzikuza. Kodi anali atasintha? Kutalitali! Panthaŵi zonse ziŵirizo maso awo anali pa iwo eni, poyamba pa kuchepa kwawo, ndiyeno pa mphamvu yawo.

Chotero mankhwala a kudzikayikira sali kudzidalira, ngakhale kuti uphungu wotero ngwofala lerolino. Wokwera Sapitwa amene amavomereza kuti njira sakuidziŵa amaponda pamene wotsogolera waponda, amalandira dzanja lake pamalo ovuta, ndipo akauzidwa kuti nyengo yaipa amabwerera popanda makani. Kudzikayikira kwake nkumene kumamchititsa kumvera. Mantha ovulaza ndi aja omuuza kuti ngakhale wotsogolerayo sangamfikitse, kapena kuti m'nkhungumo muli mphamvu zoposa za Mlengi wa phirilo.

Kalebi anali mmodzi wa azondi aŵiri amene anapima molondola. Iye anaona zimphona zimodzimodzizo ali ndi zaka 40, ndipo anafunikira kuyembekezera zaka zina 45 chifukwa cha mantha a anzake. Atafika zaka 85, anapempha Yoswa kuti ampatse dera lamapiri la Hebroni, kumene Aanaki anali chikhalirebe m'midzi yamalinga. Zoonadi, anatchula kuti nyonga yake inali isanathe, koma chipambanocho anachiika pa chinthu china, ndicho kukhala naye kwa Yehova. Pomalizira pake anaingitsako ana atatu a Anaki.—Yoswa 14:6-14, 15:13, 14.

Nanga bwanji za mlendo uja wa ku Gadzema? Ngati aleka kuŵerenga mamita otsala ndi kuyang'ana mapazi a womtsogolera, pambuyo pa maola angapo adzaima pamwamba, mphepo yozizira ikumkwapula, mitambo ili kunsi kwake. Sadzakhalitsapo. Wotsogolerayo adzayang'ana kumwamba nanena kuti nthaŵi yotsika yakwana, pakuti njira yobwerera ku Chisepo njoterera mofananamo ndipo iyenera kutha dzuŵa lisanaloŵe.