MIYEZI ITATU YA MARIYA

Mariya atakhala ndi pakati sanadzitsekere m'nyumba ndi mantha ace, koma anafulumira kunka kwa Elizabeti, nakhala naye monga miyezi itatu (Luka 1:39-56). Lero akazi ambiri abisa mimba yaing'ono poopa afiti, nadwala okhaokha.

Pa msika wa Maramba ku Livingstone, mkazi wosanza m'mawa uliwonse apeza mizu ndi makungwa pafupi ndi kapenta ndi matimati. Asagule, pakuti mphamvu yace palibe anaiyesa. Mseru wa miyezi yoyamba ugwira akazi ambiri: adye pang'ono kawirikawiri, ndi kumwa madzi. Koma thupi likatentha angakhale malungo, amene acotsa mimba. Likatero, kapena magazi akaturuka, kapena akasanza ndi madzi omwe, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Agone m'ukonde wa udzudzu. Fansidar woteteza malungo asamwe mimba isanakwane masabata 13. Ayembekeze mau a namwino.

Mwamuna amsenzere katundu, namperekeze ku sikelo. Amai a mumpingo akhale ngati Elizabeti, amlandire ndi kumlangiza. Pakuti mwana wosaonekayo, Mulungu amdziwa kale.