Loisi ndi Yunike m'Makomboni a Lusaka

Pamene Paulo analembera Timoteo kalata yaciwiri, sanachule cuma ca nyumba imene mnyamatayo anakuliramo. Anachula akazi awiri, agogo ace Loisi ndi amace Yunike, namkumbutsa kuti anayamba kumva mau a Mulungu akali wakhanda (2 Timoteo 1:5 ndi 3:15). Paulo anampeza ku Lustra ali wokonda kale kuphunzira, pakuti akazi awiriwo anali atalimiratu mundawo.

Nkhani iyi iyenera kumveka m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, pakuti caka ndi caka makolo amakweza ana ao basi ya ku Lusaka, kunka kwa amalume kapena azakhali okhala ku Kanyama, Chawama, George kapena Mtendere. Amaganiza kuti ku tauni kuli ndalama, ndipo kumene kuli ndalama nzeru idzabwera yokha. Ena mwa anawo amaphunziradi. Koma alipo ena amene amafika ndi kope m'manja, ndipo isanathe miyezi itatu apezeka alikugulitsa vitumbuwa pamseu, kapena alikulera khanda la mwini nyumba, pamene ana a m'nyumbamo abvala yunifomu napita ku sukulu. Uwu ndi mlandu pamaso pa Mulungu, ngakhale woucitayo akhale mkulu wa mpingo. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe; nanga kuli bwanji mwana wa mlongo wace wa munthu?

Cuma sicili coipa. Cimagula nsapato, nyali ndi ufa, ndipo mwana wogona ndi njala samva bwino mphunzitsi. Mu January 2022 boma la Zambia linacotsa ndalama za sukulu m'masukulu ace kufikira ku sekondale, ndipo caka comweco linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ana anabwera ambiri koposa mipando. Khomo linatseguka ndithu, koma boma silingathe kulamulira mtima wa mwana kuti ukonde buku. M'nyumba zina zokhala ndi wailesi ya kanema ndi mafoni atatu, palibe munthu amene anafunsapo mwana cimene anaphunzira tsiku limenelo.

Kenneth Kaunda anabadwa mu 1924 ku Lubwa, kufupi ndi Chinsali. Atate ace, David Kaunda, anali mphunzitsi ndi mlaliki wocokera ku Nyasaland, ndipo anamwalira mwanayo ali ndi zaka 8. Amace, Helen, amenenso anali mphunzitsi, anatsala wamasiye wopanda cuma, koma m'nyumba mwao munali cizolowezi ca kuwerenga ndi kupemphera. Mu 1941 mnyamatayo anafika ku sukulu ya Munali ku Lusaka, ndipo pambuyo pace iyenso anagwira nchito ya uphunzitsi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, linali ndi anthu ngati 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite. Pamene anaitana anthu kuti athandize kumanga University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, anthu a m'midzi anapereka timakobiri, nkhuku ndi mbuzi, ambiri a iwo osadziwa kulemba dzina lao. Anacita monga mkazi wamasiye uja wa m'Kacisi. Lero nyumba za yunivesiteyo zaima pafupi ndi Kalingalinga, kotero kuti mwana wotunga madzi m'komboni angazione ndi maso. Koma ngati palibe womuuza kuti khomo lija ndi lacenso, adzaziyang'ana monga ayang'ana mtambo.

Womuuzayo kawirikawiri ndiye mphunzitsi. Paulo yemwe, atakula, sanaiwale kuchula Gamaliyeli amene anamphunzitsa ku Yerusalemu (Macitidwe 22:3). M'zaka za m'ma 1990, pamene umphawi ndi matenda a Edzi anasiya ana amasiye ocuruka, anthu a m'makomboni ndi mipingo anayambitsa masukulu ao okha, ena m'nyumba zopemphereramo, ndipo aphunzitsi ambiri analandira malipiro ocepa kapena osalandira konse. Anthu otere Ambuye awadziwa maina. Koma alikonso mphunzitsi amene amabisa theka la phunziro m'mawa kuti aligulitse madzulo kwa ana a olemera, ndipo wina amachula mwana wa kumudzi citsiru cifukwa Cingerezi cace cili cotsimphina. Mwana wonyozedwa cotero amadana ndi buku moyo wace wonse.

Tsono kholo la kumudzi lisanakweze mwana basi, lifunse dzina la sukulu, kalasi limene adzalowa, ndi munthu amene adzaona makope ace Loweruka. Lidziwitsenso akulu a mpingo wa ku Matero kapena ku Kanyama kumene mwanayo adzapemphera, kuti azimuyendera. Ndipo pamene mwanayo abwera pa chuthi, agogo ace, ngakhale sanaponde m'kalasi, amkhazike pamphasa madzulo, nampatse buku ili kuti awawerengere mau a tsikulo mokweza. Akalakwa asamseke, koma amuuze kuti abwerezenso kufikira iwo atamva.