Mwana wamasiye ndi wa yani?

M'dera lathu lino muli banja lina la amishonale ochokera ku America limene lakhala nafe zaka zisanu tsopano. Si Akatolika, koma ambiri a ife tamwapo madzi a pa mijigo imene anakumbitsa. Chichewa amayankhula, maliro amayenda. Mwezi watha bambo wa m'banjali anandipempha kuti ndiziwakumbukira m'mapemphero. Akufuna khoti liwalole kutenga kamtsikana ka zaka ziwiri, kamene mayi ake anamwalira pobereka, kuti kakhale mwana wawo mwalamulo ndipo adzapite nako kwawo ntchito yawo ikatha. Ndinavomera msanga, monga timachitira. Nditafika kunyumba m'pamene ndinazindikira kuti sindikudziwa chimene ndipemphe kwa Mulungu.

Chimene akufunacho si tchimo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2379, amalimbikitsa mabanja amene sanalandire mphatso ya ana kuti alere ana osiyidwa, ndipo Papa Francis anayamikira mtima womwewu m'kalata yake ya Amoris Laetitia ya 2016. Yosefe Woyera analera mwana amene sanabereke yekha. Ndiye amene akufulumira kunena kuti azungu angofuna kutilanda ana, ayambe wadzifunsa kuti iyeyo kamwanako anakakaonapo kangati.

Koma ndime yoyandikana nayo, ya 2378, imatikumbutsa kuti mwana ndi mphatso, si ngongole imene munthu angaitanitse. Palibe amene ali ndi ufulu woti apatsidwe mwana, kaya ndi wopemphera chotani. Funso silingayambire pa chikhumbo cha banjalo. Liyenera kuyambira pa mwanayo: ndi wa yani, ndipo akusowa chiyani?

Mawu oti "wamasiye" amasokoneza alendo. Kwathu kuno mwana akataya kholo limodzi timati ndi wamasiye, koma mlendo akamva zimenezi amaganiza za mwana wopanda aliyense pa dziko lapansi. Kamtsikana kaja bambo ake alipo, agogo ake alipo, atsibweni ake alipo. Chimene chinakapititsa ku nyumba yosungira ana ndi mkaka wa m'chitini, umene agogo sakanaukwanitsa kugula. Yakobo Woyera, m'mutu woyamba wa kalata yake, anatchulira pamodzi ana amasiye ndi akazi amasiye. Ine ndimaona kuti sanalakwitse. Kawirikawiri amakhala m'nyumba imodzi, ndipo si chifundo chathunthu kunyamula mwanayo n'kusiya womulerayo mu umphawi womwewo, manja ali m'khosi.

Mtima wabwino umatha kulakwa kwambiri ukathamanga. Chivomezi chitagwedeza dziko la Haiti pa 12 January 2010, akhristu khumi a mpingo wa Baptist, ambiri mwa iwo ochokera ku Idaho ku America, anamangidwa pa malire akufuna kuolotsa ana 33 kupita nawo ku Dominican Republic opanda zikalata zoyenera. Ankati akupulumutsa ana amasiye. Zinadziwika pambuyo pake kuti ambiri mwa anawo anali ndi makolo amoyo, amene anawapereka atalonjezedwa kuti akaphunzira ndi kudya bwino. Kuno kwathu sitinaiwale za Madonna. Iye si mmishonale, koma funso n'lomwelo: mwana amene anamutenga ku Mchinji mu 2006 bambo ake anali moyo. Mu 2009 Khoti Lalikulu linamukaniza kutenga mwana wachiwiri poti sankakhala m'dziko muno, kenaka khoti la apilo linamuloleza. Oweruza okhaokha anasiyana maganizo. Dziko la Ethiopia, limene linatumizapo ana ambirimbiri kunja, linatseka khomo limeneli mu 2018.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwenikweni n'chakuti mbali ziwirizi zikagwirizana, sizikhala zikunena chinthu chimodzi. Ife timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ambiri a ife tinaleredwapo kwa azakhali kapena kwa achimwene a m'tauni, koma kwathu kunali kwathube. Tchuthi tinkabwerera, maliro akagwa ankatiitana, munda wathu unkatidikira. Agogo akamadinda chala pa chikalata cha khoti amaganiza kulera kotereku: mwana akaphunzire, adzabwera. Lamulo silikutero ayi. Limadula ubale wakale n'kumanga watsopano, dzina limasintha, ndipo banja latsopanolo silikakamizidwa kudzabwera naye. Munthu amene wavomera chinthu chimene sanachimvetse, kodi wavomeradi? Apa m'pamene mkhristu ayenera kuchita mantha, chifukwa chikalata chimatha kukhala choyera pamaso pa khoti koma chikumbumtima chili ndi banga.

Komabe ndisanamize anthu kuti kumudzi kulibe mavuto. Alipo ana otayidwa amene abale awo sapezeka, alipo olumala amene palibe akuwafuna, ndipo alipo amene timawatenga n'kuwasandutsa antchito a pakhomo, ana athu ali ku sukulu. Mwana sangadikire kuti dziko litukuke. Chaka chilichonse chimene wakhala m'nyumba yosungira ana, kumene omulera amasinthanasinthana, wataya chinthu chosabwezeka. Kwa mwana wotere banja la ku America n'labwino kuposa kusowa banja. Nchifukwa chake pangano la maiko a mu Africa loona za ufulu wa ana, la 1990, silinaletse kutengera ana kunja, koma linati ikhale njira yomaliza, zina zonse zikakanika. Mawu oti "zikakanika" akuloza ife. Mphakati wathu unayesapo kusonkherana mkaka wa mwana mmodzi?

Ndakhala ndikusinkhasinkha za Mose. Mwana wamkazi wa Farao anamutola, anamukonda, namupatsa dzina ndi maphunziro. Koma amene anamuyamwitsa ndi mayi ake enieni, ndipo anapatsidwa malipiro pa ntchitoyo. Atakula anadziwabe abale ake.

Sabata yatha ndinabwerera kwa bambo uja. Ndinawauza kuti ndikupempherera kamwanako tsiku ndi tsiku, koma ndili ndi mafunso awiri. Kodi agogo ndi atsibweni anawafotokozera m'Chichewa chomveka, pamaso pa mboni yosadya nawo, kuti mwina mwanayu sadzabwereranso? Nanga ndalama zimene akonzera maloya ndi ndege, angalolere kuzipereka kuti kamwanako kakulire kwa agogo ake, iwo n'kubwerera kwawo chimanjamanja? Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati loyambalo sakutsimikiza, lachiwirilo akakambirana ndi akazi awo. Loweruka likubwerali tapangana kuti tipite limodzi kumudzi kwa agogowo, ine ndikatanthauzire.