Mkhuto wa fulu ndi makiyi awiri

“Kadziwa mwini mkhuto wa fulu.” Chigoba cha fulu aliyense amachiona, koma ngati wakhuta kapena ali ndi njala, amadziwa ndi iye yekha.

Mwambiwu umandifikira ndikamatumiza uthenga pa WhatsApp. Mu 1976, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman adafotokoza nzeru yobisira mauthenga ndi makiyi awiri, imene WhatsApp imadalira. Woyamba ngwapoyera, ali ngati loko wosatseka amene mungagawire aliyense, ngakhale wokudani. Wofuna kukulemberani amatseka uthenga ndi lokoyo, ndipo akangotseka, wogwira uthengawo panjira amangoona zilembo zosokonekera. Wotsegulira ndi kiyi wachiwiri, wosatuluka m'foni mwanu. Umenewo ndiwo mkhuto wa fulu.

Chimandigometsa n'chakuti mpanda wonsewu ndi masamu. Njira ina yotere ya mu 1977, yotchedwa RSA, idatsamira apa: kuchulukitsa manambala awiri aakulu osagawika n'kosavuta, koma kuwatulukira kuchokera pa yankho lake, kompyuta ingathe zaka zosawerengeka.

Akuba amadziwa kuti chigobachi sangachiswe, n'chifukwa chake amanyengerera mwini. Foni yanu muziikiya, ndipo nambala yotsimikizira yobwera pa SMS musauze munthu, ngakhale atadzitcha mbale wanu.