Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Munthu ali yense ali ndi malo amene mtima wake ukhazikikapo. Kwa wina malowo ndi mudzi wobadwira, kumene adziwa njira zonse ngakhale usiku wopanda mwezi. Kwa wina ndi nchito imene waigwira zaka zambiri, kotero kuti manja ake aicita okha iye ali kuganiza zina. Kwa winanso ndi gulu la abwenzi amene abvomera mau ake onse ndi kuseka nthabwala zake zakale. Pa malo otere munthu sacita mantha ndipo sacita manyazi, pakuti palibe comdzidzimutsa. Funso limene tifuna kulingalira m'nkhani ino ndi ili: kodi ndi bwino kuti munthu asiye dala malo otere, kumene akhala mwamtendere, ndi kukalowa m'zinthu zimene sazidziwa? Ngati ndi bwino, kodi asiye ciani kweni-kweni, ndipo cobvuta cake cigwera yani?

Makolo athu sanayankhe funso limeneli ndi mau amodzi. Anati, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," ndipo iwo omwewo anatinso, "Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka." Mwambi woyamba utuma munthu kuti atuluke, waciwiri umbweza. Wofuna kuyenda agwira woyambawo, wamantha abisala kuseri kwa waciwiriwo, ndipo onse awiri ati ali kutsata nzeru za akulu. Motero kungochula mwambi sikutha mlandu. Tiyenera kuiona nkhaniyi mofatsa.

Mbande za fodya

Tiyambe ndi cinthu cimene ambiri a ife ticidziwa. Mlimi wa fodya safesa mbeu zake m'munda. Azifesa pa nazale, pafupi ndi madzi, pa dothi lofewa, naphimbapo udzu kuti dzuwa lisatenthe timbeu tanthete. M'mawa ndi madzulo athirira. Palibe malo ena pamene fodya akhala bwino koposa pamenepa. Koma nthawi ya mvula ikayandikira, mlimi yemweyo acepetsa udzu uja ndi madzi omwe, kuti mbande zikhwime. Mvula ikagwa azizula ndi kukaziwokera ku munda, kumene kulibe wozithirira. Masiku oyamba mbandezo zifota, masamba nagwa, kotero kuti munthu wosadziwa angayese kuti mlimiyo waononga fodya wake. Koma mbande yotsala pa nazale ingotalika yoonda, yopanikizana ndi zinzake, ndipo sidzabala tsamba loyenera kulowa m'cigafa.

Apa tiona kuti nazale si woipa, pakuti popanda iye mbeu ikadafa isanamere. Tionanso kuti kuwokera kuli ndi nthawi yake ndi kukonzekera kwake, ndiponso kuti kufota kwa masiku oyamba sikutanthauza kuti mlimi analakwa. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Mbande ili ndi mwini wake woizula. Munthu wamkulu alibe womzula. Ayenera kunyamuka yekha, ndipo akakana palibe angamuimbe mlandu pa bwalo. Ndico cifukwa cake nkhaniyi ili nkhani ya cikumbumtima.

Ulendo wa Legson Kayira

Legson Kayira anabadwira m'mudzi wa Mpale, kumpoto kweni-kweni kwa dziko lino, pamene linali kuchedwa Nyasaland. Anaphunzira pa sukulu ya sekondale ya Livingstonia. Masiku amenewo mnyamata wa maphunziro otere akadatha kupeza nchito ya ukalaliki kapena ya uphunzitsi, ndi kulemekezedwa m'mudzi monse. Koma iye anawerenga mbiri ya Abraham Lincoln ndi ya Booker T. Washington, anthu obadwa osauka amene anakwera ndi maphunziro, ndipo anatsimikiza mtima kuti akaphunzira ku America. Ndalama za ulendo analibe. M'mwezi wa October 1958 anatsazika amai ake nayamba kuyenda pansi, wopanda nsapato, atatenga cakudya ca masiku asanu, kankhwangwa, Baibulo ndi buku la John Bunyan lochedwa Pilgrim's Progress. Cimene anali kulinga cinali kukafika ku Egypt ndi kukapempha nchito m'sitima ya pa madzi.

Anadutsa dziko la Tanganyika, naima pena ndi pena kugwira ganyu kuti apeze cakudya, ndipo patapita nthawi yoposa caka anafika ku Kampala m'dziko la Uganda. Kumeneko analowa m'nyumba yowerengeramo mabuku napeza buku la maina a masukulu a ku America. Analembera kalata sukulu ya Skagit Valley College, m'cigawo ca Washington, ndipo sukuluyo inamlandira. Anapitirira ulendo kufikira ku Khartoum m'dziko la Sudan, mtunda wa mamailosi oposa 2,000 kucokera kwao. Ophunzira a pa sukulu ija pamodzi ndi anthu a m'mudzi mwao anasonkha ndalama za ndege, ndipo m'mwezi wa December 1960 Kayira anafika ku America. Pambuyo pake anaphunzira pa University of Washington ndi pa Cambridge ku England, ndipo mu 1965 anasindikiza mbiri ya ulendo wake m'buku lochedwa I Will Try.

Cofunika kuciona m'mbiri imeneyi ndi ici: buku la maina a masukulu lija linali ku Kampala, ndipo Kayira sanadziwe za bukulo pamene anali kucoka ku Mpale. Akadadikira kuti ayambe waona njira yonse, sakadanyamuka konse. Mwai umene unamthandiza unali pa malo amene akadafikapo ndi miyendo yake yokha. Anthu ambiri amene tiwadziwa ali cidikirire kuti zonse zioneke poyera asanayambe kanthu, ndipo imvi ziwapeza ali pomwepo.

Mau a otsutsa

Tsono wina anganene kuti, "Inu aphunzitsi mukonda kutiuza za mmodzi amene anafika. Nanga aja amene sanafike?" Mau amenewa ndi oona, ndipo sitiyenera kuwanyoza. M'zaka za ulamuliro wa Angerezi amuna ambiri-mbiri a dziko lino anapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ena pa Wenela, ena mwa selefu. Ambiri a iwo sanacoke cifukwa cofuna. Anawatulutsa ndi msonkho ndi umphawi. Ena anabwera ndi njinga, makina osokera ndi luso la manja limene linathandiza mudzi. Koma ena anachona, osatumiza ngakhale kalata, akazi ao nakalamba ali kulima okha, ana nakula osadziwa nkhope ya atate ao. Ngakhale lero anyamata ambiri akwera mabasi kunka ku Joni, ndipo si onse abwera opambana m'mene anacokera.

Kayira yemwe, ulendo wake unali ndi cotaya. Zaka zambiri za moyo wake anazithera ku England, ndipo anamwalira ku London mu 2012. Munthu wopita kutali asiya malo opanda munthu pa nkhokwe, pa maliro ndi pa milandu ya pa banja, ndipo nchito yake igwera otsala. Wonena kuti kucoka kulibe cisoni anama.

Motero tiyenera kubvomera kuti mtunda pa wokha sukulitsa munthu. Alipo amene anaoloka Zambezi ndi Limpopo, koma kumeneko anangofuna-funa anthu a kwao, nakhala nao, namwa nao, nalankhula nkhani zomwe zija za ku mudzi, osaphunzira ngakhale cinthu cimodzi catsopano. Anthu otere miyendo yao inayenda, koma mtima wao unatsala pa nazale.

Wokula asanacoke pa mudzi

Taonani tsono munthu wina amene anayamba kukula ali kwao. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analeka sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, cifukwa makolo ake analibe ndalama zolipira. Iye sanali pa mtendere wa cuma ai. M'nyumba mwao anali kudya kamodzi pa tsiku. Komabe malo ofunda analipo, ndiwo kufanana ndi anzake onse oleka sukulu. Akadangokhala pa sitolo ndi kuceza kudikira mvula, palibe akadamdzudzula, pakuti onse anali kudziwa kuti kulakwa sikunali kwake.

M'malo mwake anayamba kupita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale, kumene anapeza buku lochedwa Using Energy lokhala ndi cithunzi ca makina opanga magetsi ndi mphepo. Cingerezi cinali kumbvuta, cotero anali kutsata zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mau. Anatola zitsulo zotayidwa, njinga yakutha, mapaipi ndi milongoti ya bulugamu, anthu ali kumseka kuti wacita misala. Mu 2002, ali ndi zaka 14, makina ake anazungulira ndipo getsi linayaka. Maulendo ake a kunja anadza pambuyo, kufikira anatsiriza maphunziro pa Dartmouth College ku America mu 2014. Koma tsiku limene anacoka pa nazale ndi lija anabvomera kuti amseke pa mudzi wake womwe.

Cimene munthu asiya

Mbiri ziwirizi zitionetsa cimene munthu ayenera kusiya. Ayenera kusiya malo amene aoneka wodziwa, ndi kukaima pamene akhalanso ngati mwana: wofunsa, wolakwitsa, wosekedwa. Kwa ena malo amenewo ali kutsidya kwa nyanja. Kwa ambiri a ife ali pafupi ndi khomo. Agogo amene akhala pansi pa sukulu ya kwaca kuphunzira kulemba dzina lao, adzukulu ali kusuzumira pa zenera, acita cinthu comweco cimene anacita Kayira. Cimodzi-modzinso mtsikana woima koyamba kulankhula pa msonkhano wa mudzi mau ali kunjenjemera, ndi mlimi woyesa kalimidwe katsopano pa kamunda kamodzi anzake ali kupukusa mitu. Ife aphunzitsi nkhaniyi itikhudza koposa, pakuti nkwapafupi kuphunzitsa kucokera m'kope lomwelo zaka makumi awiri, ndi kuyesa kuti tili ndi nzeru za zaka makumi awiri, pamene tangobwereza caka cimodzi.

Cifukwa ninji tinena kuti umenewu ndi udindo? Cifukwa mphatso imene munthu ali nayo si yake yekha. Mnyamata wokhoza kukhala dotolo akaopa mayeso, odwala a m'tsogolo ndiwo ataya. Mai wanzeru akakhala cete pa bwalo cifukwa ca manyazi, mudzi uweruza mlandu mopotoka. Kawiri-kawiri mantha athu tiwacha kudzicepetsa, ndipo ulesi wathu tiucha kukhutira ndi zimene tili nazo. Kukhutira kweni-kweni ndi khalidwe labwino, koma munthu ali yense adziwa yekha mumtima mwake ngati wakhala cifukwa cokhutira kapena cifukwa coopa.

Mafunso a wofuna kunyamuka

Wofuna kunyamuka, kaya ulendo wake ndi wautali kaya ndi wa pa mudzi pomwepo, adzifunse zinthu zitatu. Coyamba: kodi pali cimene ndili kulinga, kapena ndili kungothawa ngongole, khasu ndi milandu? Wothawa apeza zomwezo kumene apita, pakuti anyamuka nazo. Caciwiri: kodi ndakhwima? Kayira anacoka wopanda nsapato, koma anacoka wodziwa kuwerenga ndi kulemba kalata ya Cingerezi, ndipo kalatayo ndiyo inamtsegulira khomo. Mbande yowokera isanakhwime ifa ndi dzuwa la tsiku limodzi. Cacitatu: kodi otsala akhala bwanji, ndipo adzapindula ciani ndi ulendo wanga? Munthu wosiya mkazi ndi ana opanda ufa nanena kuti apita kukakula, akulira pa msana pa anzake.

Akayankha bwino mafunso amenewa, anyamuke, ngakhale mtima uli kugunda. Asadikire kuti mantha athe, cifukwa mantha amatha munthu atayamba kale. Asadabwe akafota masiku oyamba. Ndipo akumbuke kuti walira mvula walira matope: wofuna nzeru zatsopano abvomere ndi manyazi omwe a kuphunzira.

Mau otsiriza apite kwa ife makolo ndi aphunzitsi. Mlimi wokonda mbande zake koposa muyeso, wokana kucotsa udzu ndi kucepetsa madzi, ndiye aziononga. Ana athu tiwapatse nchito zowalemera pang'ono akali pafupi nafe, tiwalole kulakwa ndi kukonza okha, ndipo tsiku lao lonyamuka likafika tisawamange ndi misozi. Pa khomo pakhale potsegula, kuti akafota akhale ndi kobwerera, ndipo akakula akhale ndi kotula zimene apeza. Tikatero miyambi iwiri ija ileka kutsutsana, ndipo mwana wathu adzatha kuitsata yonse iwiri m'moyo umodzi.